Msana wa Nungu

Padangokhala, chaka cha dzombe, Mkango, mfumu ya nyama zonse, anazula Nungu minga yonse ya kumsana, ati ndi mtulo wa mfumu. Nungu anadandaula, koma nyama zikuluzikulu zinangoweramira msipu.

Chaka chotsatira Mkango anafuna nyanga za Njati. Njati anathamangira kwa Nungu.

"Achimwene, tiyeni kubwalo, tikapemphe lamulo lotiteteza kwa mfumu, msana wanuwo ukakhale umboni!"

"Lero ndasanduka achimwene?" anafunsa Nungu, akukanda zipsera zake. "Ndipita, koma lamulo mukufunalo liteteze aliyense, ngakhale Chiswe."

Njati anavomera.

Nyama zitaona msanawo, bwalo linagamula kuti mfumu isamatenge kanthu eniake asanalole. Pozolowera kudya za mtulo, Mkango anali ataiwala kale kusaka. Anafa ndi njala mvula isanagwe, afisi namudya.