Kachubu ka Mwana Katha

"Katha kale?" anafunsa namwino akutembenuza kachubu kophwatalala. "Mankhwala a chikanga awa ndi amphamvu, mayi. Timangopaka pang'ono poyabwapo. Kapena mukudzola nokha kuti muyere?"

Mayi wa mwanayo anangoloza nkhope yake yakuda bii. Koma namwino anakana kumupatsa kena, ndipo mwana anabwerera akukanda m'khosi mpaka magazi.

Kunyumba mayiyo anapeza mlamu wake, mlongo wa bambo a mwanayo, ali pagalasi. Apo m'pamene anamuyang'anitsitsa. Masaya anali mbuu ngati nkhuku yososola, koma makutu ndi zala zili zakuda.

"Alamu, ndinu mukumaliza mankhwala a mwana?"

"Aa, inunso! Kamwana aka kali ndi khungu lalikulu bwanji? Mwabweretsa kena?"

"Andikaniza."

Mlamuyo anatsonya. Anagwira mwana chibwano, n'kumupendeketsa mutu kuti aone bwino zilondazo.

"Musamumangenso nsalu m'manja, musiyeni akande zioneke," anatero. "Mukapitanso akakupatsani tiwiri. Ukwati wangatu wayandikira, ndipo khosi sindinaliyambe."