Mkanjo wa Tumpale

Anandipatsa mkanjo wa upulofesa kuti ndimuveke Tumpale, poti mwambo wa pasukulu pathu umati womuveka akhale mphunzitsi wake.

Ndine ndinamuphunzitsa kufunsa azimayi a ku Tukuyu ngati zitenje zomwe andale amagawa zimasinthadi voti. Ndafufuza zimenezi zaka makumi awiri, koma mpando wa upulofesa apatsa iye.

"Mwalimu, mukuchedwa bwanji? Ndi ukalamba?" Tumpale ananong'ona akuseka.

"Okalamba ndi agogo ako. Tawerama."

Mumtima ndinalira: Ambuye, mwanayu ndimamukonda, zulani munga uwu. Sunazuke.

Ndinamukonzera kolala bwinobwino, holo yonse ikuomba m'manja. Nanenso ndinaomba, koma mochedwa pang'ono, ndipo Tumpale anaona.