Kabokosi Kopanda Nkhope

Aroni anakhala pamwala kumtunda kwa mudzi wa kwawo ku Chezi, pokhapo pamene netiweki imagwira, laputopu ili pamiyendo. Tsamba la pa intaneti la mpingo wa ku Msakambewa, lomwe analipanga yekha akadali mkamwini kumeneko, linkakana kuonetsa zithunzi. Pamalo pa nkhope ya Esitere, mkazi amene iye anamumangira nyumba ndi manja ake, panali kabokosi kopanda kanthu.

Vuto ankalidziwa. Atasintha pulogalamu ya PHP pa seva, kompyuta yosunga tsambalo, kachigawo kochepetsa zithunzi kanasiya kugwira ntchito, ndipo kena kokonzakonza kale kunalibe. Anayenera kukamanga yekha kuchokera ku malemba a pulogalamu yake. Anakopera mafayilo, nalemba lamulo loti "configure". Makina anadandaula kuti fayilo ina ikusowa. Anaifunafuna, naiika, nayambiranso.

Mlongo wake Margareta anakwera phirilo ndi chikho cha thobwa. Chibwerereni Aroni kumudzi ndi chikwama ndi bulangete, fodya wake atamusiya m'chigafa kwa eni, anthu ankabwera kudzakhala naye pakhonde, kunena pepani, n'kumapita. Iye sankadya.

"Imwani, achimwene. Muuma ngati phesi."

"Ndimalize kaye. Abale a Esitere a ku Joni sabwera. Akufuna aone chithunzi chake ndi dongosolo la kutchalitchi."

"Ndiye mpaka inuyo? Dowa yonseyi palibe wina wodziwa zimenezi?"

"Alipo. Koma tsambali ndimalidziwa ndine."

Analemba lamulo loti "make", kuti makina ayambe kumanga kachigawoko. Mizere inayamba kuthamanga pagalasi, ndipo panalibenso chochita koma kudikira. Apa m'pamene Esitere ankakonda kuima pakhomo n'kumukalipira kuti madzi osamba akuzizira, akwatire makinawo ngati ndiwo amamuterekera madziwo. Iye ankayankha kuti akubwera, osabwera. Tsopano panalibe womuitana.

Mizere inaima. Panalibe cholakwa chilichonse. Anaika kachigawoko m'malo mwake, nadzutsanso seva.

"Musatsegule," anatero Margareta motsitsa mawu. "Ingowauzani kuti zatheka."

"Ndione ngati chikutuluka bwino. Sindifuna nkhope yake ioneke yopindika."

Netiweki inali yofooka, choncho chithunzi chinkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Tsitsi. Chipumi. Maso aja. Kenako kumwetulira kumene Aroni anali atakuiwala kuti kumafika mpaka m'masaya. Margareta anayang'ana kumbali, nayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ntchito inali yabwino. Chithunzi chinatuluka chowala, chopanda banga, mpaka dzanja la mwamuna limene linali paphewa pake, ndi mawu a m'munsi: Esitere ndi Bonifasi, ukwati Loweruka lino.

Foni inalira. Anali Esitere.

"Zatheka, aAroni? Paja a kwathu aja akudikira."