Ba Josiah Asakwere Denga

Josiah anali ataponda kale pa makwerero pamene Namukolo anamukoka malaya kumbuyo.

"Tsikani."

Linali tsiku loyamba la ntchito chitsekereni pa Khirisimasi. Nyumba imene ankakhoma malata ku Kalingalinga inali yosanja, ndipo mvula ya m'mamawa inali itasiya mitanda ikuterera. Tsopano dzuwa la Januwale linali litatuluka ndi ukali wake wonse, malata akuyamba kuotcha manja.

Namukolo, kapitawo wa gulu la amisiriwo, ankaliopa tsiku limeneli kuposa masiku onse a chaka. Anthu amabwerera ku tchuthi thupi lokha, mutu utatsala kumadyerero. Chaka chatha, tsiku ngati lomweli, mnyamata wake wina, Eugene, anaiwala kukoleka lamba ku chingwe. Namukolo ndiye anamugwirizira mutu m'galimoto mpaka kuchipatala. Eugene sanayendenso ndi miyendo yake.

Choncho m'mawawu anali atawandandika onse pamzere. Anakoka lamba wa aliyense, anayang'ana zingwe, anaika mgolo wa madzi akumwa pamthunzi wa mango, n'kulamula kuti dzuwa likafika pamutu aliyense atsike. Josiah yekha ndiye panalibe. Anafika mochedwa, sanapereke moni kwa munthu, anangotola hamala n'kulunjika ku makwerero.

Namukolo anamuyang'ana kuyambira kumutu. Maso ofiira ngati tsabola. Ndevu zosameta. Malaya okwinyika, onunkha utsi ndi thukuta la masiku. Chisoti chinangokhala pamutu chosamanga.

"Tambasulani manja."

Josiah anatambasula. Zala zinkanjenjemera, ndipo hamala ija inagwera m'matope.

"Ba Namukolo, nili che bwino," anatero motsitsa mawu. "Nisiyeni nisebenze. Nifuna chabe kusebenza."

"Mwagona nthawi bwanji?"

"Sininagone."

Pamwamba pa mitanda, Jordan, amene sankasunga kanthu kukhosi, anaseka. "Ine ninabaona pa Nyuwere ku Kanyama! Benze kuyenda pakati pa msewu monga sibaona mamotoka. Ninabaitana, zii!"

Gulu lonse linaphulika ndi phwete. Panalibe amene anadabwa. Josiah anali mmisiri wamkulu pa onsewo, munthu wokhoma msonga ya denga osadontha ngakhale kadontho, koma aliyense ankadziwa kuti Loweruka botolo silimudutsa.

Namukolo sanaseke. M'maganizo mwake ankaona Josiah atagona chagada pa njerwa pansipo, khosi litapindika. Ankamvanso kulemera kwa mutu wa Eugene pamiyendo pake. Mantha aja anasanduka mkwiyo.

"Iwe Josiah!"

Kuseka kunaduka. Chiyambire Namukolo anali asanamunenepo "iwe" bambo ameneyu, yemwe akanatha kukhala mchimwene wake wamkulu.

"Munthu mkulu, sumvela nsoni? Uli na banja ku nyumba likuyangana iwe. Ukagwa apa, nizayenda kukabauza chani? Kuti unasankha botolo? Ine sinizanyamula munthu winanso, wamvela? Choka pano. Ukabwele mowa ukasila m'mutu."

Josiah anayang'ana anzake mmodzimmodzi, onse akuzemba maso ake. Kenako anavula chisoti, anachiika bwinobwino pamulu wa njerwa, n'kutuluka pachipata. Sanakhotere kokwerera mabasi. Anangotsata msewu, mapewa atagwa.

Ntchito inayenda. Malata anakwera limodzilimodzi, misomali ikulira. Namukolo ankazungulira pansi, akukumbutsa uyu chingwe, akuitana uyo kuti adzamwe madzi. Dzuwa litafika pamutu onse anatsika, athunthu, n'kukhala pamthunzi akudya mabanzi. Namukolo sanadye. Mawu aja ankamuwawabe pakamwa, koma anadzilimbitsa mtima. Kuli bwino Josiah amude ali moyo. Mawa adzabwera atasamba, adzapepesa, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Mwina tsiku lina mkazi wa Josiah adzathokoza.

Ali m'maganizo amenewa anamva odi pachipata. Anali mayi wa duku lakuda, chitenje cha kutchalitchi chili m'chiuno, mapatapata odzaza matope. Ankapuma mwabefu ngati wathamanga mtunda wautali.

"Nifuna ba Josiah. Ndine Eneless, mlongo wabo."

Namukolo anaimirira n'kudzisansa fumbi. Anaganiza kuti ndi bwino abale adziwe, mwina angamulangize Josiah.

"Nababweza ku nyumba, mayo. Babwela bokolewa. Munthu wa so sangakwele denga."

Eneless anamuyang'ana ngati sanamve chinenerocho.

"Bokolewa? Aja sibanalawe olo dontho. Mwana wabo Tiza anamila mu mgodi wa miyala pa Nyuwere, tamuika dzulo. Bazemba pa malilo m'mawa, bati mu nyumba sibangakwanitse, bafuna kunkhala pakati pa banzabo." Anaponya maso padenga, kenako kumsewu kopanda munthu. "Ku nyumba sibanafike. Manje mwabauza bayende kuti?"