Tsamba 340

"Wakufunsa chiyani?" Zinaida anafunsa mwamuna wake Gleb atangotuluka mu ofesi ya kazembe wa Amereka mumzinda wa Seoul pa 2 Meyi.

"Tsamba 340."

Gleb, katswiri wa injini za ndege, anathawa kwawo ku Samara mu Seputembala 2022 poopa kulembedwa usilikali. Chaka chathunthu ankasonkhanitsa umboni woti luso lake ndi losowa, kuti aloledwe kukakhala ku Amereka. Anatumiza masamba 612, ndipo pa 14 Malichi pempho lake linavomerezedwa. Chimene chinatsala ndi chidindo cha kazembe m'pasipoti basi.

Pa tsamba 340 panali chithunzi chimene amayi ake anachotsa pakhoma n'kumutumizira kuti chikhale umboni: Gleb akulandira mendulo kwa mkulu wa asilikali chifukwa cha luso lake.

"Akuti afufuze kaye ngati munthu wodziwa zoterezi angalowe m'dziko lawo. Kaya miyezi, kaya zaka, sananene," anatero Gleb.

"Glebushka," anatero Zinaida, pomutchula dzina lachikondi, "chilolezo chathu chokhalira kuno chikutha pa 31 Ogasiti. Kwathu akakugwira ukangotsika ndege."

"Ndamuuza kuti ine ndine injiniya wamba, womanga mabawuti."

"Ndiye?"

"Wamwetulira. Akuti, 'Musadzichepetse, bambo. Tawerenga masamba onse, ndipo takukhulupirirani.'"