Duwa la M'nyanja ndi Mwala wa Nkhanu

Padangotero, m'thanki yagalasi, Kansomba ankagona m'manja mwa Duwa la M'nyanja, kanyama kooneka ngati duwa, mnzake amene anagwidwa naye limodzi kunyanja yamchere. M'mawa wina Duwa linayamba kusendera, kulunjika kupampu yozunguza madzi imene inkameza chilichonse.

"Achemwali, mukupita kuti?" anafunsa Kansomba, mtima uli m'mwamba.

"Uko madzi akukankha ngati mafunde akwathu."

Nkhanu, amene ankakhala nawo m'thankimo, anaseka. "Iwe, ukunyengerera chiyani? Tingolipanikiza ndi mwala, lizolowera."

Kansomba ankadziwa kuti Duwa silifuna kukakamizidwa, koma pampu inali pafupi kwambiri. Anavomera, nathandiza kukankha mwalawo.

Duwa linakhazikikadi, ndipo Nkhanu anazungulira thanki yonse akudzitama. Kansomba ankalibweretsera chakudya, koma chinkangoyandama osadyedwa.

Mwezi usanathe, Duwa linali litafota n'kuyera mbuu.