Fomu Yachiwiri Inafufuta Mankhwala a Mkazi Wake

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a makompyuta, amene anzake ankamutcha Katswiri. Ntchito ankaidziwadi, koma makutu analibe.

Anapatsidwa ntchito yokonza tsamba lolembetsera odwala pachipatala china. Patsambapo anaikapo mafomu awiri: ya wodwala ndi ya womudikirira. Pofuna kumaliza msanga, onse awiri anawalumikiza ku kaundula mmodzi wa wodwalayo.

Mayi wina woyesa mapulogalamu mu ofesimo anamuchenjeza.

"Achimwene, fomu iliyonse ikhale ndi malo ake. Ya wodikirirayi ilibe bokosi la mankhwala amene thupi limakana. Munthu akaisunga pomaliza, bokosilo lizifufutika mu kaundula."

"Inu chemwali, mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," anatero Katswiri akuseka. "Zagwira ntchito pa kompyuta yanga."

Patatha milungu itatu, mkazi wake anadwala chibayo. Pachipatala paja mkaziyo analemba yekha pa fomu yake kuti penisilini amamutupitsa pakhosi. Kenako Katswiri anadzaza ya wodikirira, nadina batani losunga, akudzitama kwa namwino kuti tsambalo ndi luso lake. Anasiya mlamu wake pambali pa bedi, iye n'kupita kuntchito.

Cha m'ma 11 koloko, mayi woyesa mapulogalamu uja anabwera pa desiki pake atanyamula laputopu. Sanamupatse n'komwe moni.

"Taonani. Aliyense amene ali ndi womudikirira, bokosi lija lili mbee."

Katswiri anatsetsereka ndi maso pamndandandawo. Dzina lachisanu ndi chimodzi linali la mkazi wake. Nthawi yomweyo anatulutsa foni yake. Anaimbira mlamu wake. Sinayankhidwe. Anaimbanso kanayi, koma zii.

Anatuluka chothamanga, jekete n'kuisiya pampando, nakwera basi yopita kuchipatala. Mumsewu magalimoto anali atathithikana, ndipo anatsika basi n'kumaliza ulendo wapansi, akupemphera mokweza ngati wamisala. Mantha otere anali asanawamvepo chibadwire.

Pabedi paja panalibe munthu. Mlamu wake anali pakhonde, akulira.

"Alamu, angomubaya jakisoni wa penisilini, nthawi yomweyo wayamba kubanika. Athamanga naye uko."

Madokotala analimbana naye maola awiri, ndipo mwamwayi anapulumuka. Katswiri atalowa, anamupeza nkhope yotupa, maso akuoneka pang'ono, mpweya akupumira m'chubu. Mkaziyo anamugwira dzanja, nalankhula monong'ona.

"Bambo a mwana, ine ndinalemba ndithu. Inu munaona. Wafufuta ndani?"

Katswiri anayang'ana chala chake chimene chinadina batani lija.

Phunziro: Fomu iliyonse isinthe zokhazo zimene yafunsa, ndipo woyesa ntchito yanu akakuchenjezani, mverani, chifukwa tsiku lina pamndandandapo padzakhala dzina la wa kwanu. Tumizirani aliyense amene amalemba mapulogalamu, makamaka uja amati "zagwira ntchito pa kompyuta yanga."